Amithenga a Nthawi: Kuchokera pa Wotchi ya M'thumba Kufika pa Kuwala kwa Setilaiti

Kwa zaka zoposa 100, mumzinda wa London munali banja lina lomwe linkapeza chakudya pogulitsa nthawi. Anayambitsa malondawa ndi John Henry Belville mu 1836, pamene ankagwira ntchito ku Royal Observatory ya ku Greenwich, nyumba yoonera zakuthambo imene inkasunga nthawi yolondola ya dziko la Britain. Iye atamwalira mu 1856 mkazi wake Maria anapitiriza, ndipo mu 1892 ntchitoyo inagwera mwana wawo Ruth. Kamodzi pa sabata mayi Ruth Belville ankalawirira ku Greenwich ndi wotchi ya m'thumba imene ankaitchula kuti Arnold, potengera dzina la mmisiri amene anaipanga. Akatswiri a kumeneko ankaiyerekeza ndi wotchi yawo yaikulu n'kulemba kapepala kosonyeza kusiyana kwake, kenako mayiwo ankazungulira mzinda, kulowa m'masitolo a okonza mawotchi ndi m'maofesi, kuti eni ake akonzere pamenepo mawotchi awo. Anasiya mu 1940, nkhondo ili mkati, ali ndi zaka zoposa 80.

Ambiri tikamva za kusunga nthawi timangoganiza za wotchi, kuti isamathamange ndipo isamatsalire. Komatu wotchi yabwino ikangokhala ku Greenwich, munthu wa ku Liverpool sapindula nayo kanthu. Nthawi imafunika kutumizidwa, ndipo mthenga aliyense amene anthu anamutumapo anali ndi zofooka ziwiri: amachedwa panjira, komanso akhoza kufikitsa uthenga wabodza. Asayansi amene lero akuyesa kugwirizanitsa mawotchi a m'masetilaiti ndi a pansi pano pogwiritsa ntchito tizidutswa ta kuwala akulimbana ndi zofooka ziwiri zomwezi.

Oyamba kumva kuwawa kwa vutoli anali amalinyero. Dziko limazungulira madigiri 360 pa maola 24, kutanthauza digiri 1 pa mphindi 4 zilizonse. Woyendetsa sitima akaona kuti dzuwa lafika paliwombo pamene ali, n'kudziwanso kuti kwawo nthawi ili bwanji pa kamphindi komweko, amatha kuwerengera mtunda umene wayenda chakumadzulo kapena chakum'mawa. Dzuwa ankaliona ndi maso, koma nthawi ya kwawo ankaisowa, poti mawotchi a masiku amenewo ankasokonezeka ndi kugwedezeka kwa sitima ndi kusintha kwa nyengo. M'madera a pakati pa dziko, kulakwitsa ndi mphindi 1 yokha kumasocheretsa sitima ndi makilomita pafupifupi 28. Mu 1707 sitima 4 za nkhondo za Britain zinasweka pamiyala ya kuzilumba za Scilly, anthu oposa 1,400 n'kumira, chifukwa oziyendetsa sanadziwe bwino pamene anali. Mu 1714 nyumba ya malamulo inalonjeza mphoto yofika mapaundi 20,000 kwa amene angapeze njira. John Harrison, kalipentala amene anadziphunzitsa yekha kupanga mawotchi, anathera moyo wake pa ntchitoyi. Wotchi yake yachinayi, H4, inanyamuka ulendo wa ku Jamaica mu 1761, ndipo pofika inapezeka kuti yalakwitsa ndi masekondi pafupifupi 5 okha.

Njira yonyamula nthawi m'bokosiyi inafika ndi kwathu kuno. David Livingstone ankayenda ndi mawotchi a mtundu umenewu pamodzi ndi chipangizo choyezera pamene dzuwa ndi nyenyezi zili. Amene anamunola pa luso limeneli ndi Thomas Maclear, mkulu wa nyumba yoonera zakuthambo ya ku Cape Town, ndipo Livingstone ankamutumizira manambala ake kuti awawerengere bwino. N'chifukwa chake dera la ku Chembe, m'mbali mwa nyanja ya Malawi, limadziwika pamapu ndi dzina loti Cape Maclear. Pa ulendo wake womaliza mawotchiwo anagwa n'kuwonongeka, ndipo kuyambira pamenepo malo ena a m'chigawo cha nyanja ya Bangweulu anawaika pamapu molakwika. Wotchi yonyamulidwa ikapunthwa sinena, imangopitiriza kuyenda ngati zonse zili bwino.

Telegalafu itabwera, nthawi inayamba kuyenda pa waya. Kuyambira mu 1852 Greenwich inkatumiza chizindikiro cha nthawi kumasiteshoni a sitima za pamtunda, ndipo mu 1884 msonkhano wa mayiko ku Washington unasankha Greenwich kukhala poyambira kuwerenga. Koma magetsi nawo sayenda pompopompo. Aliyense amene anaonapo munthu akudula mtengo kutsidya la dambo amadziwa kuti nkhwangwa imayamba yatera, phokoso n'kufika pambuyo. Amene angakonze wotchi yake potengera phokosolo, wotchiyo idzakhala yotsalira ndi nthawi imene phokoso latha panjira. Waya wa pansi pa nyanja ya Atlantic utalumikizidwa mu 1866, Benjamin Gould ndi anzake anaugwiritsa ntchito poyerekeza mawotchi a ku Valentia ku Ireland ndi a ku Heart's Content ku Newfoundland, ndipo anachita chimene akatswiri a telegalafu anali atazindikira kale: kutumiza zizindikiro mbali zonse ziwiri.

Nzeru imeneyi ndiyo msana wa nkhani yonseyi, choncho tiyeni tiione bwino. Tinene kuti wotchi ya kutsidya ili patsogolo ndi masekondi 3, ndipo uthenga umatha masekondi 2 panjira, koma palibe akudziwa manambala awiriwa. Uthenga wochoka kuno, ukawerengedwa pa wotchi ya kutsidya, uoneka ngati watha masekondi 5. Wochoka kutsidya, ukawerengedwa pa wotchi ya kuno, uoneka ngati wafika sekondi 1 usananyamuke. Pakati pa manambala awiriwa pali masekondi 6, ndipo theka lake, 3, ndiko kusiyana kwenikweni kwa mawotchiwo. Kuchedwa kwa panjira kwadzichotsa kokha popanda wina kuyeza kutalika kwa waya. Pali chinthu chimodzi chokha chimene tangochikhulupirira osachiona: kuti ulendo wopita ndi wobwera ndi wofanana. Henri Poincaré ku Paris anasinkhasinkha za mfundoyi cha m'ma 1898, ndipo mu 1905 Albert Einstein, ali kalaliki mu ofesi yoona za zinthu zopangidwa kumene ku Bern, anaiika pa maziko a chiphunzitso chake. Iye anati kunena kuti zinthu ziwiri zotalikirana zachitika pa nthawi imodzi kulibe tanthauzo mpaka titagwirizana kuti kuwala kumatha nthawi yofanana popita ndi pobwera.

Wailesi inalowa m'malo mwa waya mosavuta. Nsanja ya Eiffel inayamba kuulutsa zizindikiro za nthawi mu 1910, ndipo BBC inayamba kuliza timaphokoso take ta pa ola mu 1924. Chimene chinasintha zinthu kwenikweni ndi wotchi ya maatomu imene Louis Essen ndi Jack Parry anapanga ku National Physical Laboratory ku Teddington mu 1955. Pofika 1967 sekondi inasiya kuwerengedwa potengera kuyenda kwa dziko, n'kukhala nthawi imene mafunde ogwirizana ndi atomu ya caesium amagwedezeka maulendo 9,192,631,770. Apa mawotchi anawasiya kutali amithenga. Mafunde a wailesi odutsa nyanja ankanjanja m'mlengalenga mosadziwika bwino, moti mawotchi a ku America ndi a ku Britain ankangoyerekezedwa mwa apo ndi apo, kusiyana kwake kukhoza kufika magawo 2 mwa magawo 1,000 a sekondi.

Mu Ogasiti 1962 setilaiti ya Telstar inagwiritsidwa ntchito kutumiza zizindikiro mbali zonse ziwiri pakati pa Andover ku Maine ndi Goonhilly ku Cornwall, ndipo mawotchi a pa malo awiriwa anayerekezedwa mpaka pa maikulosekondi pafupifupi 1, ndiko kuti gawo limodzi mwa magawo 1 miliyoni a sekondi. Ngakhale zinali choncho, kunyamula wotchi sikunathe. M'zaka za m'ma 1960 kampani ya Hewlett-Packard inkakweza mawotchi a caesium m'ndege n'kuwazungulitsa m'mayiko. Mu Okutobala 1971 Joseph Hafele ndi Richard Keating anakwera ndege wamba ndi mawotchi 4 oterewa, kuzungulira dziko chakum'mawa kenako chakumadzulo. Pobwera, poyerekeza ndi mawotchi otsala ku Washington, a ulendo wa kum'mawa anatsalira ndi mananosekondi pafupifupi 59, pamene pa ulendo wa kumadzulo anatsogola ndi 273. Nanosekondi ndi gawo limodzi mwa magawo 1 biliyoni a sekondi, ndipo pa kanthawi kameneko kuwala kumayenda masentimita 30 okha. Mawotchiwo sanawonongeke. Liwiro ndi kutalikirana ndi dziko zimasintha kayendedwe ka nthawi yeniyeniyo, monga Einstein ananenera.

Masetilaiti a GPS, amene woyamba wake anakwera mu 1978, amakhala ndi zimenezi tsiku ndi tsiku. Pa mtunda wa makilomita 20,200 mphamvu yokoka ya dziko ndi yochepa, choncho mawotchi awo amatsogola ndi mamaikulosekondi 45 pa tsiku, pamene liwiro lawo limawabweza ndi 7. Otsala 38 aja akanapanda kukonzedwa, malo osonyezedwa pa foni akanamasochera ndi makilomita angapo tsiku lililonse. Anthu timaidziwa GPS ngati mapu, koma ntchito yake yaikulu, imene sitiiona, ndi kugawa nthawi. Nsanja za mafoni, malo ogawira magetsi ndi makompyuta a mabanki m'mayiko ambiri amatenga nthawi yawo kumeneko. Pa 26 Januwale 2016, pochotsa pa ntchito setilaiti ina yakale, masetilaiti ena anayamba kuulutsa nthawi yolakwika ndi mamaikulosekondi 13 okha, ndipo makina a makampani a mafoni analiza mabelu a ngozi kwa maola ambiri, mawailesi ena a BBC n'kusokonezeka.

Imeneyo inali ngozi chabe. Choopsa kwambiri ndi chakuti uthenga wa GPS umayenda mbali imodzi, umafika pansi uli wofooka zedi, ndipo kapangidwe ka uthenga wa anthu wamba n'kodziwika kwa aliyense. Makina olandira amangokhulupirira zimene amva. Mu 2013 Todd Humphreys ndi ophunzira ake a ku University of Texas anapatutsa boti lalikulu pa nyanja ya Mediterranean poulutsa uthenga wonamizira, eni botilo atavomereza kuyesako, ndipo makina a m'botimo sanaonetse vuto lililonse. Mu Juni 2017 sitima zoposa 20 pa Black Sea zinaona makina awo akusonyeza kuti zili pamtunda, pa bwalo la ndege. Wonamiza malo amanamizanso nthawi, poti pa GPS ziwirizi ndi chinthu chimodzi.

Kuwala kwa laser kunayamba kuyesedwa ngati mthenga wolondola kuposa wailesi. Siteshoni ya pansi imaponya kuwala kwa kanthawi kochepetsetsa n'kulemba nthawi yonyamukira. Setilaiti imalemba nthawi yofikira pa wotchi yake, ndipo magalasi ake amabweza kuwalako kumene kwachokera, kumene amalembanso nthawi yobwerera. Ndi njira ya Gould ija, kungoti waya wasanduka mlengalenga. Mu 1992 chipangizo cha LASSO pa setilaiti ya Meteosat chinayerekeza mawotchi a ku Grasse ku France ndi a ku McDonald Observatory ku Texas, ndipo T2L2, imene inakwera pa setilaiti ya Jason-2 mu 2008, inatsitsa kusiyanako pansi pa nanosekondi 1. Kuwala kobwerera pansi kumakhala kochepa kwambiri moti makina amachita kuwerenga tizidutswa take kamodzikamodzi. Kachidutswa kamodzi ka kuwala, kamene sikangagawikenso, asayansi amakatchula kuti fotoni, ndipo pa msinkhu umenewu malamulo amene amalamulira ndi a sayansi ya quantum.

Mu 1970 David Burnham ndi Donald Weinberg anasonyeza kuti kuwala kwa laser kukadutsa mu mwala wina woonekera mkati, nthawi zina fotoni imodzi imasanduka mafotoni awiri obadwa pa kamphindi kamodzi. Mu 1987 Chung Ki Hong, Zhe Yu Ou ndi Leonard Mandel ku Rochester anayeza kuyandikana kwa awiriwa n'kupeza kuti sikufika ndi pikosekondi yomwe, imene ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a nanosekondi. Palibe amadziwiratu nthawi imene awiri otsatira adzabadwe, koma akabadwa amabadwira limodzi. Ndiye mbali imodzi ikasunga fotoni imodzi n'kutumiza inzake, aliyense amalemba mndandanda wa nthawi zimene makina ake aona kuwala. Mindandanda iwiriyo imaoneka yosokonekera, koma ukamaisuntha pang'onopang'ono pamafika pamene imagwirizana mwadzidzidzi, ndipo kusunthako ndiko kusiyana kwa mawotchi kuphatikiza nthawi ya panjira. Akachita chimodzimodzi kuchokera mbali inayo, nthawi ya panjira imachoka. Mu 2004 Alejandra Valencia, Giuliano Scarcelli ndi Yanhua Shih ku Baltimore anasonyeza kuyerekeza mawotchi ndi mafotoni awiriawiri oterewa pa waya wa galasi wotalika makilomita 3.

Panali chiyembekezo china chachikulu. Mu 2001 Vittorio Giovannetti, Seth Lloyd ndi Lorenzo Maccone a ku MIT anawerengera kuti mafotoni ambiri olumikizana mwa quantum angayeze nthawi molondola kuposa kuwala wamba kwa mphamvu yofanana. Masamuwo ndi oona, koma phindu lake limafota msanga mafotoni akamatayika panjira, ndipo pakati pa setilaiti ndi dziko ambiri amatayika. Kwa ine, mphatso yeniyeni ya kuwala kwa quantum ili pa chofooka chachiwiri cha mthenga, cha bodza chija. Mu 1982 William Wootters, Wojciech Zurek ndi Dennis Dieks anatsimikizira kuti n'kosatheka kukopera ndendende mkhalidwe wa fotoni umene sukuudziwa. Wakuba akagwira fotoni panjira, n'kuiyeza, n'kutumiza ina m'malo mwake, amasiya zolakwika zimene eni uthenga amaziona akayerekeza zolemba zawo. Motero chizindikiro cha nthawi chikhoza kudzichitira umboni kuti chachokeradi kumene chikunena.

Amene anakweza nzeruyi kumwamba ndi gulu la Pan Jianwei la ku University of Science and Technology of China. Setilaiti yawo ya Micius inanyamuka ku Jiuquan pa 16 Ogasiti 2016 kukazungulira pa mtunda wa makilomita pafupifupi 500. Dzinali ndi la Mozi, wanzeru wa ku China wa zaka za m'ma 400 Yesu asanabadwe, amene iye ndi ophunzira ake analemba kuti kuwala kumayenda mowongoka. Mu 2017 inatumiza mafotoni olumikizana ku Delingha ndi ku Lijiang, malo otalikirana makilomita 1,200. Setilaitiyo inkapanga mafotoni awiriawiri pafupifupi 6 miliyoni pa sekondi, koma zoti onse awiri afike pansi zinkangochitika pafupifupi kamodzi kokha pa sekondi. Mu 2020 gululi linalengeza za kuyesa kutumiza nthawi: kuwala kotsika kuchokera pa setilaiti kunafooketsedwa mpaka kufika pa fotoni imodziimodzi, iliyonse itanyamula chizindikiro chobisika mu kapendekedwe ka mafunde ake, ndipo fotoni yomweyo inkagwira ntchito ziwiri, kusonyeza nthawi ndi kutsimikizira kumene yachokera. Zolakwika sizinafike 1 pa 100 alionse, ndipo nthawi inayezedwa mpaka pa mapikosekondi 30. Pa kanthawi kameneko kuwala kumayenda mamilimita 9.

Ndimaona kuti n'kofunika kunena poyera zimene njirayi singachite, chifukwa dzina la quantum limachititsa anthu kuganiza kuti zonse zatheka. Mitambo imatseka njira. Kuwala kwa dzuwa kumamiza mafotoni ochepawo, n'chifukwa chake ntchito zambiri za Micius zinkachitika usiku. Setilaiti yotsika chonchi imaoneka kwa mphindi zochepa basi, ndipo popeza imathamanga makilomita oposa 7 pa sekondi, ulendo wopita ndi wobwera sufanana, amachita kuuwerengera potengera njira ya setilaitiyo. Chachikulu ndi ichi: mdani safunika kukopera fotoni, akhoza kungoichedwetsa. Mu 2019 asayansi a ku Centre for Quantum Technologies ku Singapore, m'gulu la Christian Kurtsiefer, anasonyeza pa waya wa galasi kuti munthu angatalikitse njira ya mbali imodzi yokha, mawotchi n'kusocheretsedwa, kulumikizana kwa mafotoni kuli bwinobwino. Chikhulupiriro chakale chija, choti popita ndi pobwera m'pofanana, quantum sinachichotse. Pamenepa mlengalenga umaposa waya, poti n'kovuta kuika chipangizo pakati pa telesikopu ndi setilaiti osaoneka, ndipo mtunda wake umadziwika kale, choncho kuchedwa kwachilendo kumaonekera.

Pa kulondola kokha, otsogola pakali pano si mafotoni olumikizana. Mu 2023 gulu la Emily Caldwell, Laura Sinclair ndi Nathan Newbury la ku NIST, bungwe la ku America loona za miyezo, linaika zida zake pa phiri la Mauna Loa ku Hawaii, n'kuponya kuwala pa galasi limene linali pa phiri la Haleakalā pa chilumba cha Maui, ulendo wa makilomita 300 kupita ndi kubwera. Anagwiritsa ntchito laser yotulutsa kuwala mwa kamphindikamphindi motsatana bwino kwambiri, mtundu umene unapezetsa John Hall ndi Theodor Hänsch mphoto ya Nobel mu 2005. Mphamvu yotumizidwa inali mamaikulowati 40 okha, ndipo makina olandira ankagwira ntchito pafupi ndi malire amene sayansi ya quantum imalola. Mawotchi anagwirizana mpaka pa maatosekondi 320, pamene atosekondi ndi gawo limodzi mwa magawo 1 biliyoni a nanosekondi. Cholinga chawo chinali kusonyeza kuti kuwala kochepa chonchi kungakwanire kufika pa masetilaiti a pa mtunda wa makilomita 36,000, amene amaoneka ngati aima malo amodzi.

Wina angafunse kuti kulondola konseku n'kwa chiyani. Mawotchi atsopano, amene amawerenga kugwedezeka kwa kuwala m'maatomu a strontium kapena ytterbium, sangalakwitse ndi sekondi 1 pa zaka mabiliyoni ambiri. Amamva ngakhale kukwezedwa pang'ono: mu 2010 asayansi a NIST anakweza wotchi ndi masentimita 33 n'kuona kuti yayamba kuthamanga, ndipo mu 2020 gulu la Hidetoshi Katori linayeza kusiyana kwa nthawi pakati pa tsinde la nsanja ya Tokyo Skytree ndi chipinda cha pa mamita 450. Mawotchi awiri oterewa atalumikizidwa bwino angauze akatswiri a mapu kusiyana kwa kukwera kwa malo awiri a m'makontinenti osiyana mpaka pa sentimita, chinthu chothandiza poyeza kukwera kwa madzi a m'nyanja ndi kufufuma kwa nthaka pa mapiri ophulika.

Mu Epulo 2025 bungwe la European Space Agency linakweza zida za ACES ku International Space Station, zokhala ndi mawotchi awiri a maatomu, njira ya wailesi ya mbali ziwiri, ndi kachipangizo kowerenga mafotoni a laser ochokera pansi. Msonkhano waukulu wa mayiko woona za miyezo unagwirizana mu 2022 kuti ukufuna kupereka tanthauzo latsopano la sekondi cha mu 2030, potengera mawotchi a kuwalawa, ndipo chimodzi mwa zofunika zimenezo zisanachitike ndi chakuti mawotchi a m'mayiko osiyana ayerekezedwe n'kupezeka kuti akugwirizana. Mkati mwa Ulaya zimenezi zimatheka pa waya wa galasi, monga wa makilomita 1,415 umene unalumikiza Paris ndi Braunschweig mu 2016. Pakati pa Ulaya, America ndi Japan pali nyanja, ndipo njira za masetilaiti zimene ofesi ya BIPM ku Sèvres imagwiritsa ntchito mwezi ndi mwezi powerengera nthawi ya dziko lonse zikadali zosalondola poyerekeza ndi mawotchi amene zikuyenera kuwayerekeza.